Chilimwe chimene ndinathamanga ndi jelo

“Amake mwana, khanda la masabata atatu lili pamiyendo, inu mukumwa za jelo. Simuopa?”

Anandifunsa ndi mayi woyandikana nane nyumba kuno ku Meluluca, ataima pampanda, beseni la chinangwa lili pamutu. Ine ndinali pakhonde, mwana akuyamwa, kapu ya tiyi woziziritsa ndi jelo, madzi oundana aja, ili m'dzanja linalo. Ndinawayankha kuti ayi, sindiopa, ndipo ngati akufuna ndiwathirire alaweko. Anaseka, nati iwo afuna kufa ndi ukalamba, basi n'kumapita akupukusa mutu ndi beseni lomwe. Sindinawafotokozere. Katundu anali wolemera, ndipo nkhani yake ndi yaitali.

Kapu yanga ya lero ndi yapulasitiki. Imene ndimaikumbukira inali yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu, yosupuka pansi pomwe inagwerapo pamwala. Inali ya amayi. Anabwera nayo kuchokera ku Malawi, kumene anathawira nkhondo ali mtsikana. Kumeneko anagwirako ntchito ya m'nyumba kwa banja lina lokhala ndi filiji ya palafini, ndipo n'komwe anaphunzira kuti tiyi amamwedwanso wozizira. Kumeneko n'komwenso anakumana ndi abambo. Mtendere utabwera, sanabwerere kwawo kuno. Anatsata abambo ku Msumba, ndipo ine ndinabadwira komweko.

Pamalo pathu wolamula sanali abambo. Anali azakhali, mlongo wawo wamkulu. Iwo nkhondo sanaithawe. Anabisala m'mapiri zaka zonsezo, ndipo mfuti zitaleka anatsika msanga n'kugwira malo a makolo anthu ena asanalowepo. Abambo pobwera anapeza munda ulipo, mitengo ya mango ilipo, pomanga nyumba palipo. Choncho azakhali akalankhula, abambo ankayang'ana pansi. Amayi akaika kansalu pathebulo, azakhali ankati, “ZachiMalawi.” Akatsuka mano a ine ndi mswachi, “ZachiMalawi.” Amayi ankangoti, “Inde alamu,” n'kupitiriza zomwe akuchitazo.

Chaka chimenecho ndinali ndi zaka khumi, ndili kwarta, kalasi yachinayi. Mlongo wanga anabadwa kumayambiriro kwa Otubulo, chilimwe chitafika penipeni. Amene anakhalako kunyanja kuno mwezi umenewu akudziwa. Mchenga umawotcha mapazi dzuwa lisanafike paliwombo, nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasaa, malata amalira okha ngati wina akuponyapo timiyala.

M'kutentha komweko azakhali anaika lamulo lawo. Mayi wobereka kumene asakhudze chozizira chilichonse mpaka mwana atalimba khosi. Madzi akumwa akhale ofunda, phala lotentha, osamba otentha mpaka khungu kufiira. Zimenezi amayi ambiri kwathu amachita ndithu kwa masiku angapo, ndipo sindikuzinyoza. Koma azakhali anawonjezapo chawo. Anakoleza moto m'chipinda momwe amayi ankagona ndi khanda, pa chigaza cha mphika, nati usazime. Zenera analitseka ndi thumba. Mtsuko wa madzi anautulutsa n'kukauika kunyumba kwawo.

Ndinkati ndikalowa m'menemo maso ankayabwa. Amayi ankakhala pamphasa atangomanga kapulana, chitenje cha kwathu, m'chiuno, thukuta likutsika m'khosi n'kudontha pamutu pa mwana. Milomo inang'ambika. Sanadandaule kwa ine ngakhale kamodzi. Koma tsiku lina ndinalowa mwakachetechete, ndipo ndinawapeza atagona chammbali, tsaya ataligunditsa pansi pakona pomwe dothi linali lozizirirako pang'ono, ngati momwe amachitira galu pansi pa nkhokwe. Atandiona anadzuka msanga nayamba kukonza tsitsi.

Palibe anandituma. Ichi ndikufuna chimveke.

Lachiwiri ndi Lachisanu kugombe kunkabwera mayi wina wa ku Lichinga wogula nsomba. Ankabwera pa kagalimoto, ndi miyala ikuluikulu ya madzi oundana imene ife timati jelo, itakulungidwa m'masaka ndi utuchi kuti isasungunuke panjira. Ankaiphwanya ndi chikwanje n'kumathira m'mabokosi a nsomba. Ana tinkaunjikana kutola tizidutswa togwa mumchenga. Lachisanu limenelo ine sindinatole. Ndinapita kwa mwiniwake n'kuwapempha kuti ndiwatsukire nsomba, andipatse chidutswa chimodzi chachikulu.

“Ukachita nacho chiyani, mwanache?” anandifunsa.

Ndinati amayi akumva kutentha.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anandikankhira beseni la chambo ndi phazi. Nditamaliza anatema pakona pa mwala umene unali usanakhudze nsomba, nachikulunga m'chidutswa cha saka. “Thamanga. Ukaima kupereka moni ukafika ndi madzi.”

Kuchoka kugombe kufika kwathu n'kokwera, ndipo njira imadutsa kuseri kwa tchalitchi. Ndinathamanga nditachikumbatira pamimba, madzi akutsika m'miyendo, mimba ikuchita dzanzi mapazi akupsa. Pochoka chinali ngati chibakera cha abambo. Pofika chinali ngati changa.

Tiyi ndinali nditasunga wanga wa m'mawa, ndisanamwe, nditamubisa m'botolo kuseri kwa khitchini. Ndinamuthira m'kapu yoyera ija, ndinaponyamo jelo ndi utuchi womwe, ndinathira shuga wa m'dzanja, n'kulowa nazo m'chipinda. Amayi anayang'ana kapu, anayang'ana ine, anayang'ana kukhomo. Ndinaganiza kuti andikalipira. Analandira ndi manja awiri n'kuigunditsa pamphumi, kenako pakhosi, maso ali chitsinzire. Atatero ndi pomwe analawa. Anayamba kuseka mosatulutsa mawu, mapewa akugwedezeka, mpaka mwana anasiya bere.

“Tiyi wako ndi woipa,” anandinong'oneza. “Khala apa ndikuuze.”

Ndiye anandiphunzitsa, mu utsi momwemo, ndipo mpaka lero sindinasinthe kanthu. Madzi abwate kaye, uwachotse pamoto, ndiye uike masamba. Ukawiritsa masamba pamoto tiyi amawawa akazizira. Masamba achuluke kuposa a tsiku ndi tsiku. Shuga uthire akadali otentha, chifukwa m'madzi ozizira amangokhala pansi ngati mchenga, ndipo usaumire, kuzizira kumabisa kutsekemera. Usefe ndi kansalu koyera. Ndimu ufinyire pomaliza, tiyi atapola. Ndipo jelo wa nsombayo asalowe m'kapu, sitidziwa madzi ake anatunga kuti. Uphwanye jelo m'kapoto, kapu uikhazike pakati, uvindikire ndi nsalu, udikire mpaka kunja kwa kapu kuchite thukuta.

Masamba anali nawo awoawo, m'kachitini pansi pa sutikesi, kunsi kwa zovala za kutchalitchi. Mandimu ankagwa okha kuseri kwa nyumba. Nthawi yophika ndinkaidziwa: m'mawa azakhali akatsikira kunyanja kukavuula chinangwa chimene anaviika, ankatenga nthawi, chifukwa kumeneko ndi kumene ankamva nkhani zonse za m'mudzi. Ine ndinkaphika, n'kubisa botolo, n'kutsikira kugombe njira ina.

Ife a kwarta tinkalowa m'kalasi meyudiya, dzuwa lili pamutu. Masiku a jelo ndinkachedwa. Apulofesola, aphunzitsi athu, ankandiimika pakhomo n'kundimenya ndi kandodo m'manja katatu, koma manja ankakhala adakali dzanzi, moti sindinkamva kwenikweni. Ndinkanamizira kulira kuti asawonjezere. Anali munthu wabwino. Ankati ndili ndi mutu wa masamu, ndipo ndikapanda kusewera ndidzaima kutsogolo kwa kalasi ngati iwo. Tsiku lina anandinunkhiza nati, “Iwe, ukuphunzira kapena ukugulitsa chambo?” Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaulule.

Zinayenda choncho masabata asanu. Ndikuvomera kuti ndinkanyada. Ndinkaona amayi akumwa pang'onopang'ono, kukamwa kumodzi n'kupuma, kapu ili patsaya, ndipo ndinkamva ngati ndine munthu wamkulu pamudzi ponsepo. Ine sindinalaweko. Kapu inali imodzi, jelo wochepa, ndipo amayi akati ndimweko ndinkanama kuti ndamwa kale kukhitchini.

Kenako mwana anayamba kutsokomola. Tsiku loyamba kanali kachifuwa chabe. Tsiku lachitatu m'mawa anali kupuma mofulumira ngati kankhuku, pansi pa nthiti pakulowa m'kati, bere akulikana. Azakhali analowa kudzafuna nsalu yomufunditsa, nagwada kusuzumira pansi pa bedi, n'kutulutsa kapoto kanga. Dzulo lake ndinali nditaiwala kutaya madzi. Sanali ozizira ayi, usiku wonse unali utapita. Koma pamwamba pake pankayandama utuchi, ndipo pamudzi ponse aliyense ankadziwa kumene utuchi wonyowa umachokera.

Azakhali anatola kautuchi n'kukayang'ana pachala. Sanakuwe. Anangoti, “Alamu, mwamupha mwana ndi mkaka wozizira.”

Amayi anadzuka pamphasa. Anabereka mwana, anandipatsa kathumba ka matewera, nauza abambo kuti tiyeni. Azakhali anatsala.

Kuchipatala anamwino anamuvula mwana, namuika chomvera pachifuwa. Kenako ananyamula kamalaya kake n'kukanunkhiza.

“Mwanayu amagona kukhitchini?”

Amayi anati ayi, m'chipinda, koma muli moto.

“Moto? Mwezi uno?”

Apo amayi anafunsa molunjika, mokweza, kuti aliyense m'chipindamo amve. Anati akhala akumwa tiyi wa jelo kawiri pa sabata, kodi ndi chimene chadwalitsa mwana? Anamwino anali akukonza jakisoni, sanatembenuke n'komwe. Anati, “Imwani tiyi wanu, mayi. Chibayo ichi. Mukazimitse motowo, mutsegule zenera.”

Abambo anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Ndinali pafupi nawo moti ndinkamva fungo la ukonde pa malaya awo. Anamva. Ndikubwereza, anamva, chifukwa anagwedeza mutu n'kunena kuti, “Zikomo amayi.”

Mwana anagonekedwa masiku asanu ndi limodzi, ndipo anachira. Tinabwerera naye akuyamwa ngati wobwezera. Ine ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Koma m'chipinda tinapeza moto uli ngee, azakhali atausonkhezera kutidikira, ndipo mawa lake anaitanitsa bwalo.

Linakhala pansi pa mango, tizipatso tosakhwima tikugwa pakati pathu. Panali azakhali, nkhoswe ya kwa abambo, ndi amayi awiri achikulire a mumpingo. Amalume, amene anali nkhoswe ya amayi, sanaitanidwe. Azakhali anati kwawo ku Meluluca n'kutali, ndipo nkhani yake ndi yaing'ono. Ine ndinakhala pamuzu kumbuyo kwa amayi, palibe anandithamangitsa.

Chimene ankafuna chinali chimodzi. Amayi agwire nkhuku, agwade pamaso pa azakhali, anene ndi pakamwa pawo kuti anaphwanya mwambo ndipo anadwalitsa mwana. Akatero zatha, anthu adya nkhuku, moto upitirira mpaka mwana alimbe khosi.

Amayi anati, “Kumwa ndinamwa, sindikana. Kubisa ndinabisa, pamenepo ndinalakwa, ndipo ndikupepesa. Koma kuti ndinadwalitsa mwana wanga, ayi. Mawu amenewo m'kamwa mwanga satuluka.”

Mmodzi wa achikulire aja anati, “Mwanawe, ndi mawu chabe. Nkhuku ndikupatsa ine.”

Amayi anatembenukira kwa abambo. “Abambo ake, inu munalipo. Auzeni anthuwa zimene ananena anamwino.”

Abambo anali akufukula dothi ndi chala chachikulu cha kuphazi. Anafukula, anafukula. Kenako anati, “Ine za azimayi sindizidziwa.”

Sindikudziwa chimene chinandiimiritsa. Ndinangopezeka ndaima, ndikunena kuti ndine, jelo ndinkatenga ndine, amayi sananditume. Amayi anandigwira diresi n'kundikokera pansi mwamphamvu mpaka msoko unathothoka.

“Khala pansi iwe. Ndinamutuma ndine. Mwana amapita komwe watumidwa.”

Linali bodza lokhalo limene ndinawamvapo akunena pagulu.

Apo azakhali analankhula, ndipo mawu awo sanali aukali monga ndinkayembekezera. Anati, “Inu munali ku Malawi mukumwa za m'filiji. Ine ndinabereka awiri m'phiri, nyengo ya chisanu. Moto sitinkayatsa, asilikali angaone utsi. Woyamba anakhala masiku anayi. Wachiwiri sabata. Ndinawagwira ine akuzizira m'manja mwangamu. Lero mundiuze kuti moto ndi umene umapha mwana?”

Ine nthawi imeneyo ndinangomva kuti azakhali akukana kugonja, ndipo ndinawada. Ndabwera kuwamvetsa nditagwira wanga woyamba m'manja. Munthu amene anaika ana awiri chifukwa chosowa moto sungamuuze kuti azimitse. Ndimawamvera chisoni tsopano, kwambiri. Koma chisoni sichisandutsa utsi kukhala mankhwala, ndipo amayi akanagwada tsiku limenelo, mlongo wanga akanabwerera m'chipinda chomwecho, zenera lili chitsekere.

Bwalo linawapatsa amayi mpaka Lamulungu.

Lachisanu m'mawa ndinaona amayi akutuluka m'chipinda atanyamula chigaza cha moto ndi nsanza. Anakachikhuthula pakati pa bwalo n'kuthirapo madzi, utsi woyera n'kukwera. Anachotsa thumba pazenera. Anaphika tiyi iwo eni, kukhitchini, chitseko chili pululu, nasefa, namusiya kuti apole. Kenako anabereka mwana nati, “Tiye kugombe.”

Sanadzere kuseri kwa tchalitchi. Anadzera njira yaikulu, akupereka moni kwa aliyense. Mayi wa ku Lichinga atawaona anati, “Ndiye ndinu akumva kutentha aja?” Anatema chidutswa chachikulu kuposa zonse zimene anandipatsapo, ndipo nsomba anakana kuti titsuke. Pobwerera amayi sanathamange. Anachisenza pamutu m'kabeseni, madzi akudontha, mudzi wonse ukuona.

Anakhala pakhonde, naphwanya jelo ndi munsi waung'ono, nakhazika kapu pakati, navindikira. Azakhali anali pakhomo pa nyumba yawo akusenda chinangwa, ndipo mpeni unaima. Abambo anali pansi pa mango akusoka ukonde, chala cha kuphazi chitakoka chingwe.

Kapu itachita thukuta, amayi anafinyiramo ndimu, naipukuta pansi, napita nayo kwa abambo. Anagwada monga ankagwadira masiku onse popereka chakumwa, n'kuitambasula ndi manja awiri.

“Abambo ake, imwani. Kale munkamwa. Munkachita kundipempha.”

Abambo sanakweze mutu. Singano ya ukonde inkangolowa ndi kutuluka. Amayi anakhala chigwadire, mwana ali kumsana, manja ali m'mwamba. Ndinkaona madontho akutsika kunja kwa kapu, kudutsa pa zala zawo, n'kugwera m'fumbi. Nkhuku inabwera kudzajompha ponyowapo. Sindikudziwa kuti inali nthawi yaitali bwanji. Kwa ine inali ngati kalasi yonse ya masamu.

Abambo anaponya diso kunyumba kwa azakhali, kamodzi kokha, mofulumira. Kenako anati, “Ikani pansi.”

Amayi sanaike pansi. Anaimirira, namwa theka ali chiimire, pamaso pa onse awiri. Theka linalo anandipatsa ine.

Aka kanali koyamba kulawa chinthu chimene ndinachithamangira masabata onse aja. Mano anauma, kuzizira kunakwera mpaka pamphumi, kenako kunabwera kutsekemera, ndimu pambuyo pake, ndi kafungo ka chitsulo cha kapu. Ndinamva akutsika njira yonse mpaka m'mimba. Ndinafuna kulira, ndipo sindinadziwe ngati n'chifukwa cha mano kapena china. Ndinamwa yense.

Tsiku lomwelo amayi anatumiza mawu kwa amalume kudzera mwa mayi wa nsomba uja, poti galimoto yake inkadutsa ku Metangula, kufupi ndi ku Meluluca. Lamulungu linafika, nkhuku sinagwidwe. Amayi anapita kutchalitchi ndi mwana kumsana, anakhala pamalo pawo, anaimba nyimbo zonse. Lachitatu m'mawa amalume anakocheza ndi boti la injini lobwereka.

Anakhala ndi abambo pansi pa mango osapitirira ola. Ndinamva amalume akufunsa kuti, “Alamu, mawu amodzi okha, anamwino anati chiyani?” Yankho sindinalimve, kapena panalibe. Amalume anaimirira n'kukuntha fumbi kuthalauza, nauza amayi kuti amange katundu. Kwathu ana ndi a kwa mayi, choncho za ine ndi mlongo wanga panalibe wokangana.

Abambo anatinyamulira sutikesi mpaka kugombe. Anaiika bwinobwino pakati pa boti, naifunditsa ndi pulasitiki kuti isanyowe, nakankha boti iwo eni mpaka madzi anawafika m'chiuno. Anandigwira pamutu. Ndinadikira kuti anene kanthu, koma injini inalira. Azakhali sanatsike. Anatumiza mayi wina ndi kabulangete ka ubweya, kochindikala, kuti mwana asazizidwe panyanja. Dzuwa linali loti nsomba ikhoza kuuma tsiku limodzi. Amayi anakalandira ndi manja awiri, nati akawathokoze, ndipo anakasunga zaka zambiri.

Ine m'botimo ndinkangoganiza za utuchi. Ndikanataya madzi aja. Ndikanatsuka kapoto. Zaka zinayi kapena zisanu ndinkakhulupirira kuti banja la amayi ndinathetsa ndine, ndi miyendo yangayi, ndipo ndikamva anthu akuti “ana opanda bambo” ndinkati akunena mlandu wanga. Nditakula ndinawafunsa amayi tili kumunda, ngati anandikwiyirapo. Anaimika khasu nandiyang'ana ngati ndalankhula Chingerezi.

“Iwe unandipatsa madzi ndili ndi ludzu,” anatero. “Bambo ako ndinawapempha mawu amene anali nawo kale m'kamwa. Zimenezi n'ziwiri zosiyana. Lima.”

Sitinakambenso.

Kuno moyo unali wolimba. Tinayamba m'khitchini ya amalume, kenako amayi anaumba njerwa okha. Ine ndinamaliza kinta, kalasi yachisanu, n'kulekera pomwepo, chifukwa kuti ndipitirize panafunika kukakhala kwa anthu, ndipo pakhomo panafunika manja. Abambo anabwera kawiri, ulendo woyamba ndi nsomba zouma, wachiwiri kudzatiuza kuti akwatira. Mlongo wanga lero ndi mwamuna wamtali kuposa chitseko, ali ndi bwato lake, chifuwa chake n'cholimba moti akaitana ali panyanja timamva kumtunda. Za chilimwe chimenecho sakumbukira kanthu, ndipo akamva nkhaniyi amangoti akazi mumakonda kukulitsa zinthu.

Pali anthu, ngakhale achibale, amene amati amayi anali ouma mutu, kuti nkhuku imodzi ndi mawu asanu si zinthu zothetsera banja. Ena amati ine ndinali mwana wosamva. Anene. Nditabwerera ku zaka khumi, n'kuwapezanso amayi tsaya lili padothi, ndingatsikirenso kugombe, ndipo ndingathamange kuposa paja. Chokha chimene ndingasinthe n'kutaya madzi a m'kapoto, ndipo ngakhale chimenecho sindikutsimikiza.

Koma sindinama kuti zinali zaulere. Ku Msumba tinasiya nyumba ya malata ya zipinda ziwiri, munda wa chinangwa umene amayi anabzala koma sanazule, sukulu yanga, ndi abambo.